Mapesi asapse: mmene tikudzutsira munda wa amayi ku Bwanje

Anthu akamakamba za ulimi wobwezeretsa chonde m'nthaka, kaya pa wailesi kaya m'magulu a pa WhatsApp aja, amakonda kuyambira pa mvula, kuti dzalani chonchi, thirani chakuti, palirani nthawi yakuti, ndiye ine ndimaona kuti akuyambira pakati pa nkhani. Kwathu kuno ku Ntcheu, cha kumunsi kuno ku chigwa cha Bwanje, munda umapulumuka kapena kufa mu Julayi, Ogasiti ndi Seputembala, nthawi imene aliyense akuti ntchito yatha, chimanga chili m'matumba, anthu ali pa zinkhoswe ndi maukwati. Miyezi imeneyo ndi imene mapesi amapsa, mbuzi zimamasulidwa, kamvuluvulu n'kumanyamula dothi la pamwamba kupita nalo kaya kuti. Mukafuna kudziwa ngati banja likusamaladi nthaka yake musapite mu Januwale pamene paliponse pali biriwiri, mupite mu Seputembala mukaone ngati dothi lafunda kapena lili pamtetete.

Munda ndikunenawu ndi wa amayi anga, nawonso anachita kuwasiyira amayi awo, sukwana n'komwe maekala awiri, kumtunda kwake ndi komwe kuli nyumba, khola la mbuzi ndi nthochi zingapo. Amayi amati nthawi ya agogo nkhokwe inkadzaza popanda feteleza olo pang'ono, ndipo ine sinditsutsa, chifukwa kalelo munthu ankatha kugoneka mbali ina ya munda kwa zaka zingapo n'kumalima kwina. Pano kwinako kulibe. Ana anagawana, zidzukulu zagawananso, ndiye ndi munda womwewo chimanga chaka ndi chaka, ukakolola n'kutentha mapesi, mvula ikayandikira n'kugalauza, basi choncho mpaka zaka makumi angapo, kutenga kokhakokha osabwezera kanthu. Makuponi atabwera mu 2005 nthawi ya a Bingu anthu tinapumako, chimanga chinaoneka ndipo palibe angakane zimenezo, koma feteleza amadyetsa mbewu ya chaka chimenecho basi, samanga nthaka, nde pansi paja zinthu zimangotherabe ife tikusangalala pamwamba. Kenako kunabwera AIP, pulogalamu ya boma ya feteleza ndi mbewu zotsika mtengo, mu 2020, dzina lako lituluke kapena lisatuluke, ndiye kwacha atayigwetsa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 thumba limodzi la makilo 50 linayamba kuthamangira ku K100,000 mpaka kudutsa. Banja ngati lathuli silingagule matumba anayi pa mtengo umenewo. Silingathe basi.

Ndipo munda unali utayamba kale kudandaula wokha. Kaufiti anali atadzaza mbali ya kumunsi, timaluwa tofiira tija tokongola ukamationa patali, pomwe pansi mizu yake yalumikiza ku mizu ya chimanga ikuyamwa. Kaufiti amakonda nthaka yoguga, ndipo njere zake n'zazing'ono zedi, zimatha kukhala m'dothi zaka zoposa khumi zikungodikira kuti udzale chimanga kapena mapira. Anthu ena mpaka amaganizirana zoipa m'mudzi chifukwa cha udzu umenewu pomwe vuto ndi njala ya nthaka.

China chimene ambiri sitidziwa n'choti mizere imene timaitenga ngati chikhalidwe chathu cha makedzanayi inachita kukakamizidwa ndi boma la atsamunda m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, malamulo aja ankatchedwa malimidwe, wokana ankalipitsidwa chindapusa ena kumangidwa kumene, pomwe makolo m'madera ambiri ankalima matutu. Kwa ife a ku Ntcheu nkhani imeneyi ndi ya pakhomo ndithu, chifukwa mu 1953 Inkosi Gomani anauza anthu awo kuti asatsatire malamulo amenewo pokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, mpaka boma linawachotsa pa mpando. Sindikuti mizere ndi yoipa ayi, mzere wopingasa bwino pamalo otsetsereka umagwira madzi, koma kumaugwetsa ndi kuwuunganso chaka chilichonse, khasu n'kumafika pamalo amodzimodzi, pansi pake pamapangika nthaka yolimba gwa ngati simenti. Ine ndinaiona ndi maso anga tikukumba mayenje: khasu limalowa bwinobwino pamwamba, kenako likafika penapake limalira ngwe n'kubwerera, ndipo tsinde lakale la chimanga limene tinazula pompo mizu yake sinapite pansi, inafika pamenepo n'kukhotera m'mbali, yonse yophwatalala. Chimanga chamizu yotero chingapirire bwanji mvula ikadula milungu iwiri? Ndipo mvula ikagwa yambiri madzi salowa, amangothamanga n'dothi lako ulendo wa kumtsinje.

Chinthu choyamba chimene tinasintha sichinafune ndalama, chinali kungosiya kutentha. Koma kunena n'kophweka. Amayi atamva anandiyang'ana kaye n'kuti, "Iwe, munda wosasosa anthu azindinena kuti ndakalamba khasu landikanika." Ndinawayankha kuti, "Amayi, tiyeni tingoyesa kumunsi kwa kaufitiku, kumene sitikololako kale kanthu, kumtundako muzilima mmene mumalimira." Anavomera mokayika, ndipo ndimawamvetsa, chifukwa kwathu munda woyera mbee ndi ulemu wa mwini wake, munthu amene wasiya zinyalala m'munda amatengedwa ngati mlesi. Ndiye tinagwetsa mapesi n'kuwayala pansi, kuwonjezerapo masangwi a mtedza ndi udzu womweta m'mbali mwa njira usanabereke njere, n'kukumba mayenje m'chilimwe momwemo opyola pa nthaka yolimba ija, dzenje lililonse n'kuthiramo manyowa n'kubwezera dothi osadzaza kuti madzi azikhalamo. Ntchito ya mayenje ndi yowawa chaka choyamba, sindingakunamizeni, msana umamva, koma ubwino wake mayenjewo ndi omwewo chaka chamawa, sukumbanso kwina, ndipo manyowa ako onse akupita pamene mbewu idzaime osati kumwazika munda wonse. Ulimi umenewu alangizi amautcha mleranthaka, ena amati mtayakhasu, koma khasu ife sitinataye, kupalira kulipobe.

Manyowawo akuchokera pakhomo pomwepa. Tinamanga khola la mbuzi la m'mwamba, pansi pake timitengo totalikirana pang'ono kuti zitosi zizigwera pansi, ndiye m'malo moti zizimwazika pabwalo n'kukokoloka ndi mvula, zimaunjikana pamodzi pamodzi ndi mkodzo womwe. Zimenezo, zitosi za nkhuku, phulusa la kukhitchini, makoko a nthochi, zosesa za pabwalo kuchotsapo mapulasitiki, zonse zimapita pa mulu. Ife timapanga chimato, tiyala mapesi odula tizidutswa, pamwamba pake masamba aawisi, kenako ndowe, kenako kaphulusa ndi kadothi pang'ono, kuwaza madzi, kubwerezanso choncho mpaka mulu kufika m'chiuno, ndiye n'kumata ndi matope kusiya kabowo pamwamba. Timazikamo kamtengo pakati. Pakapita masiku angapo ukakazula kamtengoko kamakhala kofunda ndi konyowa, ukakagwira umamva kutentha m'manja, ndiye umadziwa kuti zikupsa. Kakakhala kozizira ndi kouma ndiye kuti madzi achepa, kakamanunkha chovunda ndiye kuti achuluka. Manyowa akapsa bwino sununkhanso ndowe, amakhala akuda, ofumbutuka, fungo lake la dothi la m'nkhalango, ndipo nyongolotsi umazipeza zili yakaliyakali pansi pa mulu. Madzi a kubafa nawo sitimataya, tinakumbira kangalande kopita ku nthochi, ndipo m'mbali mwake mumamera zokha bonongwe ndi chisoso zimene amayi amathyola mpaka kufutsa zina.

Za manyowa a Mbeya ndinene bwinobwino chifukwa anthu akuwatama mopyola. Kapangidwe kake ena amasiyana pang'ono, koma nkhani yake ndi yoti umatenga makilo khumi a feteleza, kusakaniza ndi gaga, phulusa ndi ndowe zouma zopunthapuntha za mbuzi, nkhumba kapena nkhuku, kuwaza madzi pang'ono, kuika m'thumba lokhala ndi pulasitiki mkati, kumanga zolimba n'kusiya masiku 21, kenako kuyanika pamthunzi. Thumba limodzi logula limatha kubereka matumba asanu. Ife timapanga ndipo amatithandiza, koma musanamizidwe kuti matumba asanuwo ali ndi mphamvu ya matumba asanu a ku shopu, feteleza ali mmenemo ndi yemwe uja wa thumba limodzi, zinazo ndi chakudya cha nthaka chimene chimagwira ntchito pang'onopang'ono. Phindu lake lenileni ndi loti kafeteleza kochepa kamene wakwanitsa kakugwera pa nthaka yamoyo, yosunga chinyezi, nde sikapita pachabe. Ndipo amene amauza alimi kuti tayani feteleza lero lomwe ndimatsutsana nawo, chifukwa munda woguga ukauchotsera zonse nthawi imodzi banja ligona ndi njala chaka chimenecho, ndipo munthu wogona ndi njala sadzabwereranso ku ulimi umenewu.

Chimene chinasintha nthaka kwambiri kuposa zonse kwa ife ndi mbewu za nyemba. Mbali imodzi ya munda timadzala mtedza ndi nandolo limodzi, chaka chinacho pamenepo n'kudzala chimanga, mtedza ndi nandolo n'kusamukira mbali ina. Ziwirizi sizilimbana chifukwa nandolo amakula mochedwa miyezi yoyamba, mtedza umakhwima n'kukumbidwa iye asanatambasule nthambi, kenako amatsala yekha m'munda n'kumayoyola masamba mpaka pansi pamachita kudera, ndipo mizu yake imapita pansi kwambiri mpaka kuboola nthaka yolimba ija popanda ife kukumba. Njira imeneyi si ine ndaipeza, alimi a ku Ekwendeni ku Mzimba akhala akuichita kwa zaka zambiri ndi bungwe la Soils, Food and Healthy Communities limene linayamba mu 2000, ndipo kumeneko anayambira pa nkhani ya ana onyentchera, osati ya nthaka yokha. Ifenso ndi momwemo, nandolo ndi ndiwo, wamuwisi ndi wouma yemwe, mitengo yake ndi nkhuni zophikira zimene zimapulumutsa mapesi kuti asapite kukhitchini, mtedza ndi nsinjiro za phala la ana. Msika wake wokha ndi umene sungaudalire, mu 2017 dziko la India litachepetsa nandolo wogula kunja mtengo unagwa mpaka anthu ambiri anamusiya, koma ife timati olo mavenda asabwere, masamba ake ali m'munda ndipo nyemba zili mu mphika. Kaufiti naye wachepa kumene kwadutsa nyemba, sanathe ayi, timamuzulabe asanachite maluwa n'kukamutaya kunja kwa munda.

Ndiye pali msangu. Amene munadutsapo ku Bwanje kuno kapena cha ku Golomoti mwaiona mitengo ikuluikulu yaminga ili pakati pa minda, ndipo chimanga cha pansi pake chimakhala chobiriwira kuposa china chonse. Mtengo umenewu umachita zosiyana ndi mitengo inzake, mvula ikayamba ndi pamene umayoyola masamba, nde mbewu sizisowa dzuwa komanso zimalandira manyowa pa nthawi yake, m'chilimwe n'kuphukanso kupereka mthunzi ndi zipatso zopindikapindika zija zimene mbuzi zimalimbirana. Agogo anasiya umodzi kumalire a munda, ndipo timisangu tating'ono timene timamera tokha kuchokera mu zitosi za mbuzi kale tinkatidula posadziwa kapena chifukwa cha minga, pano timatizikira kamtengo pambali kuti wopalira ationa, n'kumatisadza kusiya tsinde limodzi. Msangu umachedwa, amene akudzala lero asayembekeze kusintha chaka chamawa, ndi nkhani ya zaka, mwina amene adzadyerere kwambiri ndi ana athu. Wofuna zachangu pali mtengo wa gliricidia amene akatswiri anamuyesa kwa zaka zambiri m'chimanga ku Makoka ku Zomba, umamudula n'kukwirira masamba, amaphukanso, ndipo ifenso tadzalako mzere umodzi. Koma mtima wanga uli pa msangu chifukwa ndi wa konkuno ndipo safuna chubu kapena nazale ngati waumera wokha.

Chaka cha 2024 ndi chimene chinatsegula maso anthu. Mukukumbukira El Niño uja, mvula inadula chimanga chili pa msinkhu wofuna madzi kwambiri, mpaka mu Malichi boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Ife sitinapulumuke, zokolola zinachepa ngati kwa wina aliyense, koma kusiyana kunali kooneka pa munda umodzi womwewo. Kumtunda kwa mizere masamba ankapota m'mawa momwe dzuwa lisanakwere, ukaponda dothi linkatentha kuphazi. Kumunsi kwa mayenje ukafukula mapesi n'kulowetsa chala pansi pamamveka kuzizira ndi kachinyezi, chimanga chinkafota masana madzulo n'kudzukanso, ndipo chinapirira mpaka mvula inabwerera. Kumunsi komwe kuja kumene tinkati kulibe ntchito ndi kumene kunatuluka chimanga chimene tinadya. Amayi sananene zambiri, anangoti, "Chaka chino mapesi a kumtunda nawonso musawatenthe."

Komabe paja amati walira mvula walira matope, ulimi umenewu uli ndi zowawa zake zimene a mabungwe sakonda kuzitchula akabwera ndi magalimoto awo. Chaka choyamba chimanga cha m'mapesi chimatha kuchita chikasu chikadali chaching'ono, chifukwa tizilombo towoletsa mapesi timayamba tatenga kaye chakudya chomwecho chimene mbewu ikufuna, nde pamafunika manyowa okwanira pa phando. Chaka cha mvula yambiri pamalo a dothi la makande chinyezi chimapyola. Udzu ukapanda kuphimbidwa bwino umamera mwamphamvu ndipo kupalira pakati pa mapesi n'kovuta kuposa pa mzere woyera, ndipo tisabise, ntchito yopalira kwathu kuno imagwera kwambiri amayi, choncho mwamuna amene wabweretsa nzeru imeneyi pakhomo agwire nawo khasu. Chiswe anthu amachiopa, ife tinaona kuti chikapeza mapesi ouma pansi chimatanganidwa nawo, n'kumaboola nthaka timabowo timene madzi amalowera. Komanso mapesi a munda umodzi sakwana kuphimba munda wonsewo, makamaka chaka chimene chimanga sichinachite bwino.

Koma zonsezi n'zazing'ono poyerekeza ndi moto ndi mbuzi. Ungathe kuyala mapesi bwinobwino mu Juni, kukumba mayenje, kuthira manyowa, tsiku limodzi mu Ogasiti anyamata osaka mbewa n'kuyatsa kutchire uko, mphepo n'kuubweretsa, ola limodzi lokha ntchito yonse yasanduka phulusa, timisangu tija tapserera. Zinatichitikirapo mbali ya kunjira, ndipo ukaima pamenepo phulusa likuuluka umamva kuwawa mumtima kumene munthu wa mtauni sangakumvetse. Anyamatawo sindidana nawo, mbewa ndi ndiwo, komanso ndi ndalama akakagulitsa pamsewu, ndipo munda wophimbidwa ndi umene mbewa zimakonda, nde iwo amaona ngati tawasungira. Mbuzi nazo, mwambo wa chigawo chapakati kuno ndi woti anthu akangokolola chimanga ziweto zimamasulidwa, munda wa aliyense ndi busa, pomwe nandolo wathu nthawi imeneyo ndi pamene akuchita maluwa, akhwima cha mu Ogasiti ndi Seputembala. Kumwera, madera ngati Chiradzulu, Mulanje ndi Thyolo kumene nandolo ndi mbewu ya aliyense, anthu anazolowera kumangirira mbuzi nthawi yayitali chifukwa aliyense ali ndi chotaya. Kuno ukakhala wekha wodzala nandolo ndiye kuti wadzalira mbuzi za mudzi wonse, ndipo ukakadandaula amakufunsa kuti nanga mbuzi zidye chiyani, funso limene lili ndi nzeru ndithu chifukwa m'chilimwe msipu kulibe.

N'chifukwa chake ndimati ulimi umenewu sungauchite pakhomo pako pokha olo utalimbikira bwanji. Tinayamba ndi oyandikana nawo minda, kuwagawira mbewu ya nandolo ulere, osati chifukwa cha ufulu wokha koma kuti nawonso akhale ndi chifukwa chothamangitsira mbuzi. Amalume ndi amene anakanena kwa amfumu, poti nkhani ngati imeneyi siyambidwa ndi mwana pabwalo, anati, "Amfumu, ife sitikuletsa ana kudya mbewa, akumbe mauna, atchere misampha, koma machesi asiye kunyumba." Za moto anthu anagwirizana msanga chifukwa aliyense anapsererapo kanthu, wina udzu wofolera, wina mitengo ya mango, ndipo anavomerezana kuti wopezeka wayatsa azikaonekera kwa amfumu. Za mbuzi ndiye panali phokoso, eni ziweto zambiri sanafune kumva, ena mpaka kunena kuti tikufuna kubweretsa malamulo achilendo m'mudzi. Ine ndimaona kuti sitingawagonjetse ndi mawu okha, tiyenera kuyankha funso lawo la msipu, n'chifukwa chake masangwi a mtedza ena timasunga padenga la khola kuti tizidyetsa mbuzi zathu zili pachingwe, masamba a gliricidia ndi zipatso za msangu chimodzimodzi, kuti anthu aone kuti mbuzi yomangirira siwonda ndipo zitosi zake sizitayika.

Pakadali pano timalambula m'mbali monse mwa munda tikangomaliza kukolola, kusiya mpata woyera woti moto usalumphe, ndipo mapesi a m'malire timawakokera mkati. Khonje tadzala mbali ya kunjira kuti adzakhale mpanda, kwatsala mbali ya kumtsinje kumene tikufuna kuyamba ndi udzu wa vetiva chifukwa kukuyamba kachigwembe. Mabanja ena angapo atenga nandolo chaka chino, ndipo nkhani ya mbuzi amfumu ati tidzakhalenso pansi anthu asanayambe kumasula ziweto.